KUBWEZA MUNTHU KU NTCHITO YAKE

Mau okambidwa pa wailesi kwa alimi ndi mafumu a ku Chiosya, m'boma la Mchinji

 Madzulo ano sindikamba za mbeu kapena za mitengo ya fodya, ngakhale khasu lilowamo ndithu m'nkhani yanga. Ndifuna kukamba za anthu amene khasu linawagwa m'manja chifukwa cha nthenda kapena ngozi, ndi za malamulo amene atsata anthu a chipatala powathandiza kuti alitolenso.

Anthu otere muwadziwa, pakuti palibe mudzi umene ulibe. Alipo bambo amene anagona bwinobwino nadzuka mbali imodzi itafa, nthenda ija mutcha sitiroko, imene kawirikawiri idza ndi kuthamanga kwa magazi. Alipo mai amene anagwera pa moto ndi khunyu, zala zake zinapindika pochira. Alipo mnyamata amene ngolo inampsinja, kapena anagwa pa njinga yamoto ya kabaza. Alipo mwana amene malungo anamfika ku ubongo, ndipo kufikira lero sakhala yekha tsonga. Kalembera wa anthu wa chaka cha 2018 anapeza kuti mwa anthu 100 ali onse a zaka 5 ndi kupitirira, pafupifupi 10 ali ndi ulumali wa mtundu wina, kuwerengera ndi amene saona bwino kapena samva bwino. Akuluakulu anati lungalunga mpobadwa, chilema chichita kudza. Motero nkhani iyi si ya eni ake okha iai.

Tsono dokotala apulumutsa moyo, namwino atsuka bala, ndipo tsiku lifika lakuti wodwala atuluke. Nanga akafika kwao achita chiani? Apa ndi pamene payambira ntchito ya anthu ena a chipatala, imene pa Chingerezi aitcha occupational therapy. Kuno kwathu ambiri tingoti “a mafizo”, kuwaphatikiza ndi anzao aja oongola ziwalo ndi kulimbitsa minofu. Agwirizana ndithu, koma asiyana pang'ono. Wina afunsa kuti, kodi mkono uwu ukwera kufika pati? Winayo afunsa kuti, kodi ndi mkono uwu munthu uyu adzatha kutema mbamu ya nsima, kumanga chitenje, kupita yekha kuchimbudzi, kusankha fodya wake? Kwa iwo ntchito si ya malipiro yokha. Chinthu chiri chonse chimene munthu achita kuyambira podzuka kufikira pogona achiyesa ntchito, ndipo ntchito yomweyo aisandutsa mankhwala. M'nkhani yanga ndiwatcha alangizi a kuchipatala, pakuti afanana ndi mlangizi wa zaulimi: sakulimirani munda, koma akuonetsani kalimidwe.

Ntchito imeneyi inapeza dzina lake ku America, kumene bungwe lake loyamba linakhazikitsidwa m'chaka cha 1917, ndipo inakula msanga chifukwa cha asilikali obwera olumala ku nkhondo ziwiri zija zazikulu. M'chaka cha 1952 maiko anapanga chigwirizano chimodzi cha antchito amenewa. Kuno ku Malawi alipo, koma ndi owerengeka. Muwapeza makamaka ku zipatala zazikulu, ku Kachere mu Blantyre kumene aphunzitsa anthu olumala ziwalo, ndi ku chipatala cha odwala maganizo ku Zomba. Ndiye chifukwa chake ndikamba ndi inu. Mlangizi aona wodwala ola limodzi, kapena pa mwezi kamodzi. Maola ena onse wodwala ali m'manja mwa mkazi wake, ana ake, atsibweni ake ndi mfumu yake. Ngati malamulo a ntchitoyi adziwika kuchipatala kokha, kumudzi nkusadziwika, zonse zimene aphunzira kumeneko zifera pa khomo.

Lamulo limene ine ndiyesa lalikulu ndi ili: funsani mwini wake. Liu lake ndi lapafupi, koma kulisunga ndi kovuta kwambiri ndithu. Tiyerekeze bambo wa zaka 60 amene sitiroko inamgwira dzanja lamanja ndi mwendo, ndipo lilime lake lilemera. Afika kuchipatala ndi mwana wake. Kodi ndani afunsidwa? Kawirikawiri aliyense ayang'ana mwanayo nati, “Kodi adya bwino? Kodi agona bwanji?” monga ngati bamboyo ndi thumba la chimanga limene alitula pa mpando. Mlangizi wodziwa ntchito yake satero. Akhala pansi molunjika ndi bamboyo, ampatsa moni wa munthu wamkulu, nadikira yankho ngakhale lichedwe. Kulemera kwa lilime si kufa kwa nzeru.

Ndipo akamfunsa chimene afuna, yankho lidabwitsa abale. Iwo aganiza kuti chachikulu ndi chakuti ayende kufika ku tchalitchi monga kale. Koma iye chimene chimuwawa mumtima ndi chakuti mpongozi wake amnyamula kupita naye kuchimbudzi. Inu mudziwa mwambo wathu, mudziwa manyazi ake a chinthu chimenecho. Kwa bambo ameneyu kuchira kuyambira pa mtengo wolimba wozikidwa pambali pa dzenje kuti agwirire, ndi kampando kobooledwa pakati, ndi njira yosalazidwa kuchokera pa khonde. Za ku tchalitchi zidza pambuyo. Mlangizi akaumirira zake, kapena za abale, wataya nthawi ya onse, chifukwa munthu salimbikira chinthu chimene mtima wake suli pomwepo.

M'lamulo lomweli muli ufulu wa kukana. Munthu wamkulu wa nzeru zake akati, “Ndodo iyi sindiifuna,” kapena “Lero sindichita,” mlangizi amuuza zoona zake za chimene chidzatsata, namsiya asankhe. Samuopseza, samkalipira pamaso pa ana ake. Ena mwa inu muti, koma nanga akasankha zolakwika? Inde zichitika. Komatu inu nomwe mlangizi wa zaulimi akakuuzani kuti bzalani ndi mvula yoyamba, inu nkuchedwa, sakulandani munda. Abweranso chaka cha mawa nakambanso nanu.

Tsopano ndifike pa chinthu chimene chionongera anthu ambiri, ndipo chichitika m'nyumba za anthu okoma mtima. Ndinena chifundo chopitirira. Mai adwala, ana ake amkonda, motero amsambitsa, amveka, amdyetsa, ngakhale kapu ya madzi amgwirira. Akati agwire chitsononkho atongole chimanga, onse akuwa, “Siyani amai, pumani!” Ipita miyezi isanu ndi umodzi, dzanja limene likadaphunzira lauma, ndi linzake lomwe lafooka, ndipo mai uja angoyang'ana pansi pa mphasa tsiku lonse. A chipatala adziwa kuti munthu wa sitiroko abweza mphamvu zambiri m'miyezi yoyambirira yomweyo. Miyezi imeneyo ikapita pa mphasa sibwereranso.

Chifukwa chake mlangizi ali ndi lamulo lakuti asamchitire munthu chimene angathe kuchita yekha, ngakhale achite mochedwa, ngakhale phala litayikire pa malaya. Woonerera ayesa nkhanza. Si nkhanza iai. Kuima pafupi manja ali kumbuyo, mtima ulikuwawa, pamene amai ako alimbana ndi batani limodzi, ndi chifundo chovuta koposa chija chomanga bataniyo msanga.

Zipangizo zake zambiri simuchita kugula. Supuni yoterera m'dzanja lofooka muikulunga ndi mphira wa chubu cha njinga kuti chigwiriro chinenepe. Nsungwi ziwiri zomangidwa pa mafoloko, kutalika kofika m'chiuno, zikhala pophunzirira kuyenda. Mwana wosakhala tsonga ampangira kampando ka matabwa kokhala ngati ngodya ya nyumba, kuti msana utsamire ndi manja amasuke, aone anzake, adye osatsamwa. Mmisiri wa matabwa wa pa Chiosya pomwepo atha kupanga zonsezi akaonetsedwa muyeso. Ndipo ntchito za pamudzi zimene munthu agwira ali chikhalire ndi zochuluka: kusenda mtedza, kutongola chimanga, kusoka ndi kusankha fodya, kupeta, kuyang'anira nkhuku, kugulitsa pa kaokala. Wina amene sangathe kuunda mizere atha kusamala dimba laling'ono ndi khasu la mpini waufupi.

Koma pano ndiike chenjezo. Kale anthu ankaganiza kuti munthu aliyense wolumala ayenera kuphunzira kuluka madengu kapena kusoka nsapato. Kuluka ndi luso labwino, sindilinyoza. Koma mlimi amene walima fodya zaka 30 adziwa tsamba ndi maso ndi mphuno, ndipo nzeru imeneyo sinafe ndi mwendo wake. Kumpatsa mlaza kuti aziluka pamene ana ake aononga fodya posankha ndi kutaya chuma kawiri. Mlangizi wabwino ayamba wafunsa kuti munthuyu anali yani asanadwale.

Lamulo lina ndi la kunena zoona. Wodwala afunsa, “Kodi ndidzayendanso?” Lilime lifuna kuti, “Inde, musadandaule.” Koma ngati msana unaduka ndipo madokotala aona kuti miyendo sidzadzuka, kumlonjeza ndi kumbera. Adzakhala zaka alikudikira, osaphunzira kuyenda pa njinga ya olumala, osasamala thupi lake, ndipo abale adzagulitsa mbuzi, ndi ng'ombe, ndi ngolo, kuthamangira aliyense amene alonjeza kumdzutsa, uku kwathu ndi kutsidya kwa malire komwe. Mlangizi anena zoona mofatsa, pa nthawi yake, ndipo sasiyira pomwepo. Anena chimene sichidzabwera, nanenanso zambiri zimene zidzatheka. Ndipo chimene iye mwini sachidziwa, kapena chimposa, lamulo limuuza kuti atumize wodwala kwa wodziwa, asayesere pa thupi la munthu.

Pakuti kuthandiza kosadziwa kupweteka. Mverani izi, inu osamala odwala. Munthu wa sitiroko musamdzutse pomkoka dzanja lakufalo, chifukwa phewa lake ndi lomasuka, liguluka, ndipo ululu wake ukhala miyezi. Mgwireni pa thupi. Munthu wogona osatha kutembenuka yekha mumtembenuze kawirikawiri, patapita maola awiri ali onse, ndipo pogona pakhale pouma, kuopa zilonda za m'matako ndi m'chiuno, zimene zipha anthu amene ngozi inawasiya amoyo. Chiwalo chosamva musachiothetse moto kapena kuchithowa ndi madzi otentha, chipsa mwini wake osadziwa. Wa khunyu asaphike yekha pa moto kapena kutunga madzi yekha pa chitsime chosatseka, ndipo akagwa mgwireni mumchotse pangozi, pakuti khunyu sapatsirana.

Inu a ku Mchinji nkhani ya chiwalo chosamva si yachilendo kwa inu. Akuluakulu akumbukira kuti m'masiku a atsamunda, pamene boma lino linkatchedwa Fort Manning, pa Kochilira panali malo osungirako odwala khate. Masiku amenewo mankhwala ankatenga zaka, ndipo munthu ankakhala kutali ndi kwao nthawi yaitali, pobwerako nkupeza anthu alikuopa kudya naye m'mbale imodzi. Lero Kochilira ndi chipatala cha anthu onse, ndipo khate lichizika ndi mankhwala a miyezi 6 kapena 12, aulere, munthu ali kwao. Koma zoona zake ndi zakuti mankhwalawo apha tizilombo, sabweza zala zimene zinatha kale. Ndipo zala sizithothoka zokha monga anthu aganizira. Zitha chifukwa dzanja silimva, motero lipsa pa mphika, lichita matuza pa mpini, bala lilowa dothi mwini wake osamva kanthu. Mlangizi aphunzitsa munthu wotere kuyang'ana manja ndi mapazi ake madzulo ali onse, kuwaviika m'madzi ndi kuwadzoza mafuta, kuphula mphika ndi nsalu yochindikala, kukulunga mpini, ndi kusayenda wopanda nsapato. Munthu wochira khate sapatsira mnzake. Kumpatula pa maliro kapena pa mowa wa dima ndi kulanga munthu wosalakwa.

Za kusunga chinsinsi sinditalikitsa, pakuti mafumu mudziwa kale kuti za kumphala sizipita kumtondo. Mlangizi alowa m'nyumba, aona thupi la munthu, amva kuti sagwira mkodzo, kapena kuti za m'banja zinaima, kapena kuti alikumwa mankhwala otalikitsa moyo. Zimenezo azisiya momwemo. Ngakhale inu amfumu mutamfunsa, sakuuzani popanda chilolezo cha mwini wake, ndipo musayese chipongwe. Masiku ano pabwera vuto lina la lamya za m'manja. Alendo afika ndi mphatso, nayamba kujambula mwana wolumala ali wosavala, mawa chithunzi chiri pa Facebook kapena pa WhatsApp, dziko lonse liona. Mphatso sigula ulemu wa mwana. Inu mafumu muli ndi mphamvu yakuti, “Yambani mwafunsa makolo ake, ndipo mwanayo avale.”

Tsono ndifike kwa inu eni mudzi, pa mau a chilungamo. Mlangizi wa kuchipatala lamulo limletsa kusankha odwala. Sayenera kuyamba ndi mbale wake, kapena ndi amene wabwera ndi nkhuku, kapena kufunsa mtundu, mpingo ndi chipani. Pa chipatala cha Boma thandizo lake silolipira, ndipo akapempha kanthu kam'mbali walakwa. Antchito amenewa alembedwa m'kaundula wa bungwe la Medical Council of Malawi, limene limva madandaulo ndi kulanga wophwanya mwambo wa ntchito. Nanga mfumu, kodi iyo ilibe lamulo lotere? Liripo. Malamulo aakulu a dziko lino a chaka cha 1994, pa gawo 20, aletsa kusala munthu chifukwa cha ulumali. M'chaka cha 2009 Malawi anavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali, m'chaka cha 2012 Nyumba ya Malamulo inapanga lamulo lake, ndipo m'chaka cha 2024 linalowedwa m'malo ndi lina latsopano. Koma lamulo lolembedwa ku Lilongwe lifika pa munthu kudzera pa bwalo lanu.

Mlandu wake woyamba ndi munda. Munthu akangogwa, pasanathe chaka, abale ayamba kunena kuti munda uja ugonera, aubwereke. Chaka chachiwiri aulimanso. Chachitatu malire asowa. Ndipo tsiku limene mwini wake wayamba kutsimphina ndi ndodo, wokonzeka kuyang'anira aganyu kapena kubwereketsa mundawo kuti apeze ya feteleza, apeza kuti alibe pogwira. Ntchito yonse ya mlangizi, miyezi yonse ya pa nsungwi zija, yathera pachabe, pakuti munthu wabwezedwa ku ntchito imene kulibe. Ine ndipempha kuti munda wa wodwala ukabwerekedwa, ubwerekedwe pamaso pa mfumu ndi mboni, mwini wake alipo ndipo wavomera ndi pakamwa pake kapena ndi mutu, nthawi yake itchulidwe, ndi gawo la zokolola limene adzalandira litchulidwe. Chimodzimodzi mkamwini amene walima pamudzi zaka zambiri, nabala ana, namanga nyumba. Akalumala, ena ati abwerere kwao, watha ntchito. Ndi mkazi wa chitengwa achita naye zomwezo. Ankhoswe ndi mafumu, muziunika bwino mlandu wotere, pakuti munthu si khasu lakuti likatha muliponya kuseri kwa nkhokwe.

Mlandu wachiwiri ndi maina. Mudziwa kuti Mtukula Pakhomo anayambira m'boma lino la Mchinji m'chaka cha 2006, asanafalikire dziko lonse, ndipo cholinga chake ndi mabanja osaukitsitsa amene alibe munthu wa mphamvu zogwira ntchito. Kunyumba kumene kuli munthu wolumala kawirikawiri manja achotsedwa anai, pakuti womsamalayo nayenso sapita kumunda. Tsono pa msonkhano uli wonse wa thandizo, munthu amene sangathe kuyenda kufika pa bwalo ndiye aiwalika poyamba, popeza safuula. Tumani munthu akamtenge pa njinga, kapena msonkhanowo umpeze pa khonde pake. Ndipo pakabwera njinga za olumala kapena ndodo, musagawe monga mugawa mchere. Njinga ichita kuyezedwa ndi thupi la mwini wake. Yaikulu ipinda msana wa mwana, yaing'ono itupitsa zilonda, ndipo imene inapangidwira simenti ya m'chipatala sichedwa kuthyoka pa njira zathu za mchenga ndi matope. Lolani a chipatala ayeze.

Kanthu kena kang'ono, koma kali m'manja mwanu. Maina oitanira. Munthu amene dzulo tinkamtchula ndi mfunda wake, a Phiri, a Banda, a Nangondo, lero ana alikumuitana ndi chilema chake, akulu nkumaseka. Mfumu ikadzudzula kamodzi pa bwalo, zitha. Ndipo ngati anali nduna yanu kapena wa m'komiti ya chitukuko, mpando wake musaupereke kwa wina chifukwa cha mwendo. Milandu saweruza ndi mwendo.

Nanga muyambira kuti? Yambani ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu, kapena pitani pa chipatala chaching'ono cha pa Chiosya. Iwo akutumizani ku chipatala cha boma ku Mchinji, ndipo kofunika akutumizani ku Kamuzu Central mu Lilongwe, kumene kuli odziwa za mafupa ndi miyendo yochita kupanga. Popita tengani kabuku ka kuchipatala ka wodwalayo, ndipo apite naye munthu amene amsamala masiku onse, osati amene ali ndi malaya abwino, chifukwa ndiye adzaphunzira kagwiridwe. Musanachoke funsani kuti kunyumba muzikachita chiani, kangati pa tsiku, ndi tsiku lobwerera. Mlangizi ayenera kukuyankhani m'Chichewa chomveka, ndipo mukapanda kumva funsaninso. Munthu akapotoka pakamwa mwadzidzidzi, kapena dzanja kugwa, kapena mau kusokonezeka, thamangani naye tsiku lomwelo. Mwana akafooka miyendo mwadzidzidzi, uzani a zaumoyo msanga, pakuti m'chaka cha 2022 poliyo inapezekanso ku Lilongwe ndi ku Tete, ndipo nthenda imeneyo ilibe mankhwala koma katemera yekha.